Opanga masaiti akafuna gulu: chipinda, tsiku ndi osenza katundu

TETE — M'mwezi wa Meyi chaka cha 2011, mumzinda wa Lusaka ku Zambia, anthu 4 odziwa za makompyuta anagwirizana kuti achinyamata olemba mapulogalamu azikumana pamalo amodzi. Anthuwo ndi a Lukonga Lindunda, a Simunza Muyangana, a Silumesii Maboshe ndi a Bart Cornille. Nyumba yawoyawo analibe. Anabwereka chipinda ku unduna wa zamaphunziro, mothandizidwa ndi bungwe la ku Belgium lotchedwa VVOB.

Gululo analitcha BongoHive. Mbali yoyamba ya dzinali ndi bongo womwewu wa m'mutu, ndipo mbali yachiwiri ndi liwu la Chingerezi lotanthauza mng'oma wa njuchi. Kuchokera m'chipinda chobwereka chija, BongoHive inakula nkusanduka malo oyamba m'dziko la Zambia osulira achinyamata pa luso la makompyuta ndi kuthandiza oyambitsa mabizinesi.

Nkhani ngati yomweyi inachitikanso kwina. Ku Nairobi, m'dziko la Kenya, a Erik Hersman ndi anzawo anatsegula iHub mu Marichi 2010, patatha zaka olemba mapulogalamu a mumzindawo akukumana m'malo obwereka. Ku Lilongwe, mayi Rachel Sibande anayambitsa mHub mu 2013. Chaka chomwecho ku Maputo kunabadwa MozDevz, gulu la olemba mapulogalamu a dziko lino la Moçambique.

Magulu onsewa ali m'malikulu a mayiko. Kuchokera ku Tete kukafika ku Maputo pali makilomita oposa 1,500 pamsewu. Mnyamata wa ku Moatize kapena mtsikana wa ku Ulónguè sangakwere basi mwezi ndi mwezi kukamva msonkhano wa maola awiri. Ngati akufuna anzake a ntchito imodzi, ayenera kuwasonkhanitsa komwe ali. Funso tsono ndi lakuti gulu lotere limayamba bwanji, ndipo chimalisunga ndi chiyani kuti lisafe pakatha miyezi itatu.

Ntchito yake ndi yotani

Masamba a pa intaneti, amene achinyamata amangoti masaiti, anayambira ku CERN, malo ofufuzira za sayansi pafupi ndi Geneva. Kumeneko a Tim Berners-Lee analemba ganizo lawo mu 1989, ndipo pa 30 Epulo 1993 CERN inalola kuti aliyense agwiritse ntchito lusoli popanda kulipira. Kuno kwathu makalata oyamba a pa kompyuta anadzera ku Centro de Informática ya Universidade Eduardo Mondlane kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Koma intaneti inafika m'manja mwa anthu a m'maboma pambuyo pake kudzera m'mafoni a makampani amene anayamba ntchito motere: mcel mu 1997, Vodacom mu 2003, ndi Movitel mu 2012.

Wopanga saiti amagwiritsa ntchito zilankhulo za kompyuta. HTML imayala mawu ndi zithunzi. CSS imakongoletsa ndi kukonza kuti tsamba lioneke bwino pafoni yaing'ono ndi pakompyuta yaikulu yomwe. JavaScript imachititsa kuti tsamba liyankhe munthu akadina batani. Kumbuyo kwake kumakhala zilankhulo zina monga PHP ndi Python, zosunga mayina, mitengo ndi ndalama zolipiridwa.

Zonsezi munthu angathe kuphunzira yekha. Maphunziro aulere alipo, ena m'Chipwitikizi, monga Curso em Vídeo ya a Gustavo Guanabara a ku Brazil, ndi freeCodeCamp imene inayamba mu 2014. Vuto limabwera pulogalamu ikakana kuyenda. Kompyuta imalemba uthenga wa cholakwa m'Chingerezi chovuta. Wophunzira yekha amatha masiku atatu akufunafuna kachizindikiro kamodzi komwe anaiwala, pamene mnzake wozolowera akanakaona m'mphindi zisanu. Ambiri amasiyira pomwepo.

Palinso zinthu zimene vidiyo ya ku Brazil singaphunzitse munthu wa ku Angónia. Saiti ya malo ogona alendo ailipiritse meticais angati? Dzina lothera ndi .mz amalembetsa bwanji? Kasitomala wofuna kulandira ndalama pa M-Pesa kapena e-Mola amuthandize bwanji? Mwini sitolo akakana kumaliza malipiro, achite chiyani? Mayankho a mafunsowa ali ndi anthu amene anakumana nawo kale m'dera lomwelo. Ndi chifukwa chake gulu limafunika.

Mwambo wochokera m'galaja

Kukumana kwa anthu okonda makompyuta kunayamba masaiti asanabadwe. Pa 5 Marichi 1975, mumzinda wa Menlo Park ku California, a Gordon French ndi a Fred Moore anaitana anthu m'galaja ya a French kuti adzaone kompyuta yatsopano yotchedwa Altair 8800. Panabwera anthu 32. Gululo linatchedwa Homebrew Computer Club, ndipo linkakumana pakatha milungu iwiri iliyonse. Mmodzi wa obwera tsiku loyambalo anali a Steve Wozniak, amene mu 1976 anaonetsa kugulu lomwelo kompyuta yawo ya Apple I. Gululi linakhalapo mpaka 1986.

Chofunika kwa oyendetsa magulu lero ndi dongosolo limene a Lee Felsenstein, wotsogolera misonkhanoyo, ankatsata. Poyamba aliyense wofuna ankaimirira nkunena mwachidule chimene ali nacho, chimene akudziwa kapena chimene chamukanika. Kenako pankakhala nkhani ya tsikulo. Pomaliza anthu ankamwazikana m'chipindamo, aliyense kukapeza uja wanena chinthu chomukhudza. Motero munthu wobwera koyamba sankabwerera kwawo osayankhula ndi wina aliyense.

Dongosolo limeneli silifuna ndalama ngakhale pang'ono. Likhoza kugwira ntchito m'kalasi ya sukulu ku Ulónguè monga linkagwirira ku California.

Malo ndi tsiku

Chinthu choyamba chimene woyambitsa gulu amafuna ndi chipinda. Chikhale ndi mipando, magetsi ndi malo okwanira olumikizira makompyuta. Chikhale pamene chapa imafika, kuti wochokera kutsidya la Zambezi, ku Matundo kapena ku Moatize, asavutike. Mumzinda wa Tete, kumene kutentha kumapitirira madigiri 40 mu Okutobala ndi Novembala, chipinda chopanda mpweya chimabalalitsa anthu ola lisanathe, ndipo makompyuta nawonso amatentha nkuzima. Msonkhano wa Loweruka m'mawa umapewa vutoli, komanso umapatsa atsikana mpata wobwerera kunyumba kunja kukuwala.

Zipinda zilipo. Chigawo chino chili ndi Instituto Superior Politécnico de Tete, imene inakhazikitsidwa mu 2005, ina ya ku Songo, komanso nthambi za Universidade Zambeze ku Tete ndi ku Ulónguè. Kulinso sukulu za sekondale, maholo a matchalitchi ndi mawailesi a m'madera. Wopempha chipinda apite ndi kalata yolembedwa bwino, yonena dzina la gulu, cholinga, tsiku, nthawi ndi munthu amene adzayankhe chinthu chikasowa. Apemphe chilolezo cha miyezi ingapo nthawi imodzi. Chilolezo cha pakamwa chimatha tsiku limene mkulu wa pamalopo wasamutsidwa, ndipo mlonda wa pageti satsegula popanda pepala.

Chachiwiri ndi tsiku losasintha, mwachitsanzo Loweruka loyamba la mwezi uliwonse, nthawi ya 9 koloko. Amayi a xitique, chimene ena amati chipereganyu, amadziwa bwino zimenezi. Tsiku lawo silisuntha chifukwa chakuti wina sanabwere. Gulu lomwe limafunsa mamembala mwezi ndi mwezi kuti akumane liti limathera nthawi yake pa mkangano wa tsiku.

Tsiku lokhazikika lili ndi phindu linanso. Kumapeto kwa Okutobala ndi mu Novembala 2024, pa nthawi ya zipolowe zotsatira chisankho, intaneti ya m'mafoni inkadulidwa m'dziko lino ndipo WhatsApp ndi Facebook zinkavuta kutsegula. Gulu lodalira uthenga wa pafoni wokha poitana anthu limasowa chochita pa nthawi yotere. Koma amene akudziwa kale tsiku ndi chipinda safunika kuitanidwa.

Woyambitsa asataye mtima pakabwera anthu ochepa. Pa misonkhano yaulere, si onse olonjeza amene amafika. Akabwera anthu 5, msonkhano uchitike ndi anthu 5 omwewo, uyambe pa nthawi yake ndi kutha pa nthawi yake. Wobwera nkupeza chitseko chotseka sabweranso, ndipo amauza anzake.

Chochitika m'chipindamo

Msonkhano wa maola awiri ndi wokwanira. Mphindi 15 zoyamba zikhale zodziwana. Kenako pakhale nkhani yaikulu imodzi yosapitirira theka la ola, ndi nkhani zazifupi ziwiri kapena zitatu za mphindi 5 iliyonse. Nthawi yotsalayo ikhale yothandizana pamakompyuta.

Nkhani zazifupizo ndizo zimabala oyankhula atsopano. Mnyamata wamanyazi sangavomere kuyankhula theka la ola, koma mphindi 5 zoonetsa tsamba limene wapangira sitolo ya amalume ake angavomere. Akachita bwino kamodzi, ulendo wina adzadzipereka yekha. Gulu lodikira akatswiri ochokera ku Maputo kapena ku Beira lidzakhala miyezi yambiri lopanda woyankhula.

Mitu ya nkhani ichokere pa mavuto enieni a m'deralo. Umodzi ndi wa kupanga tsamba lopepuka, lotseguka msanga pamene netiweki ili yofooka ndiponso losadya mamega a mlimi wa mbatata wa ku Tsangano. Wina ndi wa kugwiritsa ntchito Git, chida chimene a Linus Torvalds anapanga mu 2005, chosunga mbiri ya ntchito kuti isatayike kompyuta ikabedwa kapena ikafa. Winanso ndi wa kulemba pangano ndi kasitomala ntchito isanayambe. Masiku ano pabweranso mapulogalamu monga ChatGPT, imene inatuluka mu Novembala 2022, otha kulembera munthu pulogalamu. Amafulumizitsa ntchito, koma amalakwitsanso, ndipo wongoyamba sadziwa pamene alakwitsa. Kuwerengera limodzi zimene makinawo alemba ndi phunziro labwino la Loweruka limodzi.

Woyankhula akonzekere ngati kuti intaneti sidzakhalapo. Zonse zofunika azikopere pa fulashi usiku wake. Chigawo chino ndicho chili ndi damu la Cahora Bassa, koma zimenezo siziletsa magetsi kuzima pakati pa msonkhano, kapena Credelec kutha mwini chipinda ataiwala kugula. Bolodi ndi choko zikhale pafupi.

Nkhani ya chilankhulo nayo ndi yofunika kuigamula poyamba. Mawu a m'mapulogalamu ndi a Chingerezi, sukulu inaphunzitsa m'Chipwitikizi, ndipo kunyumba anthu amayankhula Chichewa kapena Chinyungwe. Gulu linene poyera kuti funso likhoza kufunsidwa m'chilankhulo chilichonse mwa izi. Akulu anati safunsa anadya phula, koma munthu woopa kusekedwa chifukwa cha Chipwitikizi chothyoka amangokhala chete.

Ndalama

Gulu laling'ono silifuna ndalama zambiri. Pamafunika madzi akumwa, mamega, nthambo yamagetsi yokhala ndi malo ambiri, ndipo nthawi zina ya chapa ya woyankhula wochokera kutali. Komabe ndalama zochepazo zikamatuluka m'thumba la munthu mmodzi mwezi ndi mwezi, munthuyo amatopa.

Kampani ya Meetup, imene a Scott Heiferman ndi anzawo anayambitsa ku New York mu 2002 kuti izithandiza magulu kuitana anthu, inayamba kulipiritsa oyendetsa magulu mu 2005. Kwa wophunzira wa kuno, kulipira ndalama zakunja ndi khadi la kubanki ndi katundu wosafunika. Gulu la pa WhatsApp, chikalata chomata pakhomo la sukulu ndi chilengezo cha pawailesi ya m'dera zimakwanira. Chofunika nchakuti mayina ndi manambala a mamembala alembedwenso m'kope losungidwa ndi mlembi, kuti foni ya munthu mmodzi ikatayika gulu lisatayike nayo.

Chopereka cha mamembala chikhale chaching'ono ndiponso chosakakamiza, chifukwa amene akufunika gululi kwambiri ndi omwe alibe ntchito. Msungichuma aziwerenga poyera zolowa ndi zotuluka pa msonkhano uliwonse, ngakhale zitakhala zochepa bwanji. Mphekesera za ndalama zimabalalitsa gulu msanga kuposa kusowa kwa ndalamazo.

Gulu likayamba kudziwika, makampani amabwera. Ena amapereka chipinda, ena zakumwa, ena intaneti. Thandizo lotere ndi labwino, ndipo iHub yomwe inatsegulidwa ndi ndalama za Omidyar Network ndi Hivos. Koma walira mvula walira matope. Wothandiza amafuna kanthu: kutsatsa malonda ake, kupeza antchito, kapena kutenga manambala a mamembala. Agwirizane poyamba kuti adzapatsidwa mphindi zingati zoyankhula, ndipo manambala a anthu asaperekedwe popanda eni ake kuvomera. Msonkhano ukasanduka wotsatsa malonda, kapena wa ndale, ofuna kuphunzira amasiya kubwera.

Palinso ena obwera ndi ganizo la bizinesi, nkumafuna achinyamata oti awapangire saiti kwaulere polonjeza kuti adzagawana phindu mtsogolo. Oyendetsa gulu ali ndi udindo wochenjeza ongoyamba kumene. Wolengeza ntchito pagulu anene malipiro ake.

Mabungwe akuluakulu sapereka ndalama kwa gulu losalembetsa. Lamulo la mabungwe nambala 8/91, la pa 18 Julayi 1991, linaika kuti oyambitsa bungwe akhale anthu osachepera 10. Pamafunikanso malamulo olembedwa a gululo, NUIT ndi akaunti ya kubanki. Koma zimenezi zisakhale zoyambira. Gulu likumane chaka chathunthu kaye, lione amene akubwera mokhulupirika. Loyamba ndi kusankha pulezidenti, wachiwiri wake ndi makomiti lisanachite msonkhano ndi umodzi womwe, limathera pa kulimbirana mipando.

Atsikana ndi ongoyamba kumene

M'magulu ambiri a makompyuta anyamata ndiwo amachuluka. Mtsikana akalowa m'chipinda chodzaza anyamata, nkuyamba kulandira mauthenga omufunsira usiku womwewo kuchokera kwa anthu otenga nambala yake pagulu, sabweranso. Choncho magulu ambiri padziko lapansi amakhala ndi malamulo a khalidwe olembedwa, amene amawerengedwa poyamba msonkhano: kunyoza, kuseka wofunsa ndi kuvutitsa atsikana nkoletsedwa, ndipo wodandaula akuuzidwa munthu woti akamuone. Lamulo lotere limagwira ntchito pokhapokha ngati likhudzanso katswiri wodziwa kuposa onse.

Ku Lusaka, amayi atatu, a Ella Mbewe, a Regina Mtonga ndi a Chisenga Muyoya, anayambitsa Asikana Network, gulu lophunzitsa atsikana luso la makompyuta, limene linkagwira ntchito limodzi ndi BongoHive. Ku Berlin mu 2014, a Ola Sitarska ndi a Ola Sendecka a ku Poland anayambitsa Django Girls, maphunziro aulere a tsiku limodzi othandiza amayi kupanga saiti yawo yoyamba. Buku lawo lophunzitsira ndi laulere ndipo linamasuliridwa m'Chipwitikizi. Gulu la ku Tete lingathe kuligwiritsa ntchito.

Wopanda kompyuta nayenso asabwezedwe. Akhale awiriawiri pa kompyuta imodzi, wina akulemba wina akuona, kenako asinthane. Ngakhale m'makampani akuluakulu njira imeneyi amaigwiritsa ntchito, chifukwa maso anayi amaona cholakwa msanga.

Chimene chimapha magulu

Magulu ambiri otere amafa woyambitsa akatopa kapena akasamuka. Munthu mmodzi ndiye amapempha chipinda, amafunafuna woyankhula, amalengeza, amatsegula chitseko ndi kusesa anthu akapita. Ntchitoyi ilibe malipiro. Pakatha chaka amakwatira, kapena amapeza ntchito ku Maputo, ndipo gulu limathera pomwepo.

Vutoli ndi lalikulu kwambiri m'zigawo, chifukwa gulu loyenda bwino limasula anthu amene kenako amatengedwa ndi makampani a m'mizinda ikuluikulu. Kupambana kwa gululo ndi kumene kumalichotsera atsogoleri. BongoHive inayamba ndi anthu 4, Homebrew inayamba ndi awiri ndipo wachitatu ankatsogolera misonkhano. Mutu umodzi susenza denga.

Choncho ntchito igawidwe kuyambira tsiku loyamba. Mmodzi aone za chipinda, wina za oyankhula, wina za kulengeza, wina za chuma. Aliyense akhale ndi womutsatira wochokera m'chaka choyamba kapena chachiwiri cha maphunziro, amene adzatsale akuluakulu akamaliza sukulu. Manambala achinsinsi a maakaunti a gulu asakhale ndi munthu mmodzi. M'kope la mlembi mulembedwe amene amapereka kiyi, mmene kalata yopempha chipinda imalembedwera ndi mayina a onse amene anayankhulapo.

Mliri wa Covid-19 unaonetsa kufooka kwina. Kuyambira pa 1 Epulo 2020, boma litalengeza nthawi ya ngozi, misonkhano ya anthu ambiri inaletsedwa ndipo magulu anasamukira pa Zoom ndi njira zina zotere. Njirazi zimathandiza kumva katswiri wakutali popanda kulipira ulendo. Koma ola limodzi la vidiyo limadya mamega ambiri, ndipo wopanda ndalama amatsalira. Njira yapakati ndi yakuti anthu asonkhane m'chipinda chimodzi, agule mamega a foni imodzi, nkumvera limodzi mnzawo amene anasamukira ku Maputo kapena ku Johannesburg. Motero wosamukayo amakhalabe wa gululo, ndipo ndi iye amene angadzauze otsala kukapezeka ntchito.

Phindu la gulu lisayesedwe ndi kuchuluka kwa anthu a pachithunzi. Oyendetsa adzifunse mafunso atatu pakutha pa chaka. Mwa amene anabwera koyamba, ndi angati anabweranso? Ndi angati anayankhula pagulu koyamba m'moyo wawo? Ndi angati anapeza ganyu kapena ntchito kudzera mwa munthu amene anakumana naye m'chipindamo?

Funso lachitatuli likukhudza chigawo chonse. Malo ogona alendo, sukulu zolipira, makampani ogulitsa katundu ku migodi ya malasha ya ku Moatize ndi magulu a alimi a ku Angónia akafuna saiti, amapereka ntchitoyo kwa munthu amene akumudziwa. Ngati sadziwa aliyense kuno, ntchito ndi ndalama zimapita kutali, ndipo saiti ikawonongeka wokonza amakhala pa mtunda wa makilomita 1,500. Gulu lokumana tsiku lodziwika pamalo odziwika limapatsa mwini bizinesi khomo loti agogode.

Wofuna kuyamba apeze anzake atatu, alembe kalata yopempha chipinda, asankhe Loweruka la mwezi wamawa, ndipo akonzeretu mitu ya misonkhano itatu yoyamba asanalengeze woyambawo.